A Ngakhalenkhuku Akwera Sitima

Bambo anga anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo mukangowapatsa mpata wa mphindi ziwiri akuuzani kuti pa zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku. Amanena pa ukwati, amanena pamzere wa kuchipatala, anauzaponso m'busa amene anabwera kudzawazonda atadwala. Mapeto ake anthu a mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti a Ngakhalenkhuku, ndipo iwo analilandira ndi manja awiri.

Atapuma pa ntchito anagula kagalimoto koyera, kakale ndithu koma kosamalidwa kuposa ife ana awo. M'mawa uliwonse ankakapukuta ndi nsanza yakeyake, imene Amayi sankaloledwa ngakhale kuichapa. Ndiye Loweruka lina, akutuluka cham'mbuyo, anagunda chipilala cha geti, chipilala chimene chakhala pomwepo chimangireni nyumbayo. Anatsika, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena kuti mmisiri amene anachimanga anachipendeketsa.

"Ndiye kuti mbiri ija yathera pamenepa?" anafunsa Amayi ali pakhonde.

"Chipilala si nkhuku," anayankha Bambo.

Tonse tinaseka. Koma sabata yotsatira ine ndinali nawo m'galimoto pamene anadutsa pafupi zedi ndi mayi wina wokankha njinga, mpaka galasi lam'mbali linakhudza dengu lake. Bambo anangopitiriza nkhani imene ankakamba. Apo phwete linandithera, ndipo ndinawakakamiza kupita kwa dokotala wa maso.

Dokotalayo sanazungulire. Anati maso a Bambo akuona pakati pokha, ngati munthu wosuzumira mupaipi. M'mbali mwayamba kuda, ndipo mmene mwada kale simudzayeranso. Mankhwala odonthezera angathe kungochedwetsa. Za kuyendetsa galimoto aiwale. Bambo anamvetsera mwaulemu, anathokoza, ndipo titatuluka anandiuza kuti dokotalayo ndi mwana, mwina alibe ngakhale laisensi. Anayendetsa okha mpaka kunyumba, ine mtima uli m'mwamba njira yonse.

Kwathu tinabadwa awiri. Achimwene ndiwo chisamba, ine ndine mzime. Iwo amagwira ntchito mu ofesi ya mipando yozungulira, ndipo vuto lililonse amalithetsa ndi pulani. Anandiitana pa foni mawu ali onyadira.

"Tamvera. Mwezi wamawa makolo akukwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu ali m'banja. Tiwatumize ku ulendo wa sitima yapamadzi, masiku asanu ndi awiri. Iwe upite nawo. Akakhala panyanja, ine ndichotsa galimoto n'kuigulitsa. Iweyo uwauze ali komweko."

"N'chifukwa chiyani m'sitima?"

"Chifukwa m'sitima munthu sangakwiye n'kutsika."

"Nanga bwanji osawauza inuyo? Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Wanga umalewa," anatero achimwene. "Komanso mzime sakalipiridwa."

Limenelo linali bodza, poti ndi Bambo omwewo amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo anandikalipira kuyambira giya yoyamba mpaka yomaliza. Amati ndimawotcha kilachi, amati ndimakhota ngati ndikuthawa apolisi. Komabe ndinavomera, chifukwa dengu la mayi uja silinkachoka m'maso mwanga. Amayi nditawatsina khutu anangoti, "Ine musandilowetsemo. Ndimagona naye chipinda chimodzi munthuyu."

Ofesi yokonza maulendo inali kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo ometera, makoma onse odzaza zithunzi za madzi obiriwira. Mayi wa pamenepo anali ndi zikhadabo zazitali zofiira, ndipo anatiyalira kabuku ka zithunzi patebulo. Amayi anavala magalasi n'kuyamba kusirira. Bambo anapinda manja.

"Sitimayi ikupita kuti?"

"Iima m'madoko atatu, bambo, kenako ibwerera pomwe inanyamukira."

"Ndiye kuti aliyense akatsikira pomwe anakwerera?"

"Eya."

"Palibe wopita kumaliro? Wokaona wodwala? Wokayamba ntchito?"

"Ayi, bambo. Ndi ulendo wongokasangalala."

Bambo anatembenukira kwa Amayi. "Mwamva, amayi ake? Anthu zikwi ziwiri opanda kolowera. Ine ndikanazungulira ndi anthu sabata yathunthu n'kuwabweza pa depoti, akanandichotsa ntchito tsiku lomwelo."

Anafunsanso dzina la dalaivala, zaka zimene wakhala pa ntchito, ndiponso maola amene amagona. Mayi uja anayesetsa, koma zikhadabo zinayamba kugogoda tebulo. Kenako linabwera funso limene ndinkaliyembekezera.

"Mpando wakutsogolo ulipo?"

Anawafotokozera kuti m'sitima mulibe mipando, muli zipinda. Zina zilibe windo, zina zili ndi windo, zina zili ndi kakhonde. Anawalangiza kuti atenge chapakati, poti kumeneko sitima siigwedezeka kwambiri.

"Pakati ndi pa anthu osanza," anatero Bambo. "Ine chibadwire sindinakhalepo kumbuyo kwa munthu. Tipatseni chakutsogolo, pafupi ndi dalaivala."

Sabata yokonzekera inali nkhondo. Ndinauza Amayi kangapo kuti chakudya chili momwemo, chodzitengera wekha, usana wonse. Iwo anavomera ndi mutu uku akukulunga mazira owiritsa khumi ndi awiri m'kansalu. Analongedzanso fulasiki, bulangeti la munthu aliyense, ndi kampeni kosendera malalanje kamene ndinakachotsa mwakabisira. Bambo analongedza suti yawo, tayi ya kampani ya mabasi, ndi tochi. Mapasipoti anawasunga okha m'thumba lamkati, ndipo ankaligwira mphindi iliyonse ngati muli kambalame.

Achimwene anatiperekeza kudoko pa galimoto yawo. Pa msewu wonsewo Bambo anaponda buleki wosaoneka mpaka mwendo unawatopa. Potsanzikana achimwene anandipsinyira diso, ine ndinangowayang'ana moipidwa.

Sitimayo inali chinyumba. Ndinawerenga nsanjika khumi ndi ziwiri khosi lisanandipweteke. Bambo anayamba kuyenda m'mbali mwake manja ali kumbuyo, monga ankachitira ndi basi asananyamuke. Mlonda anawabweza mwaulemu. Anakwera akung'ung'udza kuti chinthu chopanda matayala munthu sungadziwe ngati chili bwino.

Ndinali nditakonza zowauza tsiku loyamba lomwelo, kuti akwiyiretu n'kupola tisanabwerere. Koma titangotuluka padoko, chipinda chakutsogolo chija chinayamba kukwera ndi kutsika. Amayi analibe nazo kanthu, anakhala pabedi akusenda dzira. A Ngakhalenkhuku, amene anaseka anthu osanza kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, anagwada m'bafa atakumbatira beseni.

"Dalaivala ameneyu," anatero ali wefuwefu, "sadziwa kulewa maenje."

Munthu wotere ungamuuze za galimoto? Ndinawapatsa madzi n'kumeza mawu anga.

Tsiku lachiwiri anadzuka ali bwino, ndipo anayamba kuyendera sitima ngati bwana wochokera ku likulu. Anawerenga maboti opulumukira. Anayesa zingwe za majekete oyandamitsa munthu, lawo ndi la Amayi. Anakwera chikepe kasanu kuti amve ngati chikulira bwino. Anali osangalala, ndipo ndinaona kuti ndi nkhanza kuwaonongera tsiku. Tsiku lachitatu tinatsika padoko loyamba n'kukwera basi yokaonera malo. Bambo anathamangira mpando wakutsogolo, anadzudzula dalaivala pa kasinthidwe ka magiya, ndipo pobwerera awiriwo anali atapatsana kale manambala a foni. Tsikulonso linapita.

Amayi nawo anali atasanduka munthu wina. Mazira otsala anawataya mwakachetechete. Anapeza gulu la azimayi ophunzira kuvina pafupi ndi dziwe losambira, ndipo ankabwerako thukuta lili kamukamu, akuseka okha. Anandiuza kuti chikwatiwire aka kanali koyamba kudya osadziwa amene atsuke mbale. Ndikawayang'ana ndi maso opempha thandizo, ankangotembenukira kunyanja. Mbalame ikatera pauta siilasika, ndipo ine uta wanga unali utalemedwa.

Tsiku lachinayi masana tinali pamwamba penipeni pa sitima pamene munthu wina anafuula kuti kuli anangumi. Anthu anathamangira kuchitsulo cham'mbali, mafoni ali m'mwamba. Anangumi awiri anali chapafupi ndithu, cha kudzanja lamanja, misana yawo yakuda ikutuluka ndi kumira, akupemerera madzi m'mwamba. Amayi anandigwira mkono mpaka kundipweteka.

"Abambo ake, mwawaona?"

"Ndawaona," anatero Bambo. "Ndi aakulu."

Ndinawacheukira. Anali atayang'ana kutsogolo, kumene kunali madzi okhaokha, akugwedeza mutu ngati munthu wokhutira. Anangumi anamira komaliza iwo akuyang'anabe komweko. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo, ndipo ndinanamizira mphepo kuti ndiyo yandilowa m'maso.

Tsiku lachisanu titaima padoko lina foni inagwira, ndipo inalira kasanu ndi kawiri motsatizana. Onse anali mauthenga a achimwene. Wogula anali atapezeka, koma makiyi sankaoneka. Anafufuza pa msomali wa kuseri kwa chitseko, m'madirowa, m'matumba a majekete, mpaka m'chitini cha shuga. Ndi a sipeya omwe panalibe. Uthenga womaliza unati, "Wawauza?" Ndinayankha kuti nyanja ndi yokongola kwambiri, n'kuzimitsa foni.

Ndi Amayi amene anamva kwa anzawo ovina kuti tsiku lachisanu ndi chimodzi anthu ochepa amaloledwa kukaona chipinda choyendetsera sitima. Analembetsa dzina la Bambo ndi langa osatifunsa. Bambo anavala suti ndi tayi ya kampani, anapukuta nsapato, nati akukaona dalaivala mnzawo.

Ankayembekezera chiwongolero chachikulu ngati tebulo. Chimene tinapeza chinali chipinda chachitali cha mawindo okhaokha, choyalidwa kapeti, chodzaza makanema ang'onoang'ono. Chiwongolero chinalipo, koma kukula kwake ngati mbale yodyera, ndipo panalibe amene anachigwira. Anthu atatu a yunifolomu ankayang'ana makanema aja. Kaputeni, bambo wa imvi wa msinkhu ngati wa Bambo, anaima pawindo manja ali kumbuyo.

Anthu ena anafunsa za kulemera kwa sitima ndi kuya kwa nyanja. Bambo anadikira onse amalize, kenako anakonza tayi.

"Pepani, akuluakulu. Panopa akuyendetsa ndani?"

"Ndine," anatero kaputeni.

"Manja ali kumbuyo?"

Kaputeni anaseka. Bambo anamuuza za zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo nkhuku ija inatchulidwanso, pakati pa nyanja. Kaputeni anawagwira chanza mwaulemu weniweni.

"Ndiye mundimvetsa," anatero. "Ine chiwongolero ndinachisiya kalekale. Maso a ana awa ndi akuthwa kuposa anga. Ntchito yanga ndi kudziwa. Ndimanena, iwo n'kuchita."

"Nanga polowa padoko, pamene pali pothina? Apo ndiye mumagwira nokha."

"Apo ndiye ayi ndithu. Padoko lililonse pali munthu wa pomwepo, amene amadziwa mwala uliwonse ndi mchenga uliwonse. Amabwera pa kaboti, amakwera, n'kuima apa. Iye amanena njira, ine n'kumvera."

"M'sitima yanu yomwe?"

"M'sitima yanga yomwe."

"Ndiye simuchita manyazi?"

"Manyazi ndingachite nditagunda," anatero kaputeni.

Bambo anatembenuka n'kutuluka. Pa chakudya chamasana anangotakasa mbale. Amayi atawafunsa mmene ayendera, anayankha kuti munthu uja ndi waulesi koma ntchito amaidziwa.

Tsiku lomaliza linakwana ine ndisananene kalikonse. Ndinadzuka ndikudzitukwana. Masiku asanu ndi limodzi ndinali nditawadya ngati mazira a Amayi, ndipo achimwene ankatidikira padoko. Ndikuvala, ndinamva kugogoda. Anali Bambo, atavala juzi ndi chipewa.

"Tiye pamwamba, Mzime. Akuti munthu wa padoko uja abwera dzuwa likamatuluka."

Pamwamba panali mphepo yozizira ndi anthu awiri atatu ogwira makapu a tiyi. Mtunda unali utayamba kuoneka, ndi nyumba zazitali za mzinda ndi zitsulo zonyamulira katundu padoko. Bambo anagwira chitsulo cham'mbali ndi manja onse awiri.

"Ukakaona kabotiko undiuze," anatero.

Chibadwire changa Bambo anali asanandipemphepo kuti ndiwaonere chinthu. Ndinangoti, "Chabwino, Bambo."

Kanatulukira cha kumanzere, kakang'ono, kachikasu, kakudumpha pa mafunde. Ndinawauza. Iwo anasuzumira kutsogolo. Ndinawagwira mapewa n'kuwatembenuza pang'onopang'ono mpaka kabotiko kanalowa mupaipi yawo ija. Kanafika m'mbali mwa sitima, ndipo munthu wa jekete lowala anaima kumapeto kwake, anadikira funde, n'kudumphira pa makwerero a chingwe. Anakwera ngati akukwera masitepe a kunyumba kwake.

"Mwini msewu ndi ameneyo," anatero Bambo chapansipansi.

Ndinakoka mpweya. "Bambo, pali nkhani imene..."

Anapisa dzanja m'thumba lamkati, muja munali mapasipoti, n'kutulutsa makiyi a galimoto. Awiri onse, ndi a sipeya omwe, atamangidwa pamodzi ndi kalabala.

"Achimwene ako awapeza?"

Ndinayang'ana makiyiwo, kenako nkhope yawo.

"Ine ndanyamula anthu zaka makumi atatu ndi zisanu," anatero. "Nkhope ya munthu wopanda tikiti ndimaidziwa ali pakhomo. Iwe wakhala nayo sabata yonse. Achimwene ako ndiye anali nayo kuyambira tsiku limene anayamba kundifunsa ngati ndimakonda nyanja. Ine ndi nyanja tinadziwirana kuti?"

Ndinayamba kupepesa, koma anandiletsa ndi dzanja.

"Anangumi aja sindinawaone. Mayi wa njinga uja sindinamuonenso. Ndinangomva iwe ukukoka mpweya, ndiye ndinadziwa kuti panali munthu." Anatembenuza makiyi aja m'manja. "Ndimaopa, mwana wanga. Ndikatsika pampando uja ndikhala ndani? Koma ndimaopanso kwambiri tsiku limene anthu a mumsewu mwathu adzasiye kunditchula dzina lija."

Misozi inangotsika, ndipo ulendo uno sindinanamizire mphepo. Iwo anandigwira dzanja, analitambasula, anaikamo makiyi, n'kulifumbatitsa.

"Koma galimoto siigulitsidwa. Ukawauze achimwene ako a mapulani. Uziyendetsa ndiwe. Ine ndizikhala kutsogolo, ndizinena njira."

"Ine? Wowotcha kilachi uja?"

"Kaputeni sasankha nkhope," anatero Bambo. "Amasankha maso."

Amayi anatipeza pomwepo atanyamula tiyi. Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana chibakera changa, ndipo anangofunsa ngati tadya kale. Padoko achimwene anatilandira ndi nkhope ya munthu wopanda tikiti yeniyeni. Bambo anawakumbatira, anawathokoza chifukwa cha ulendo, kenako anawafunsa ngati m'chitini muja mwatsalako shuga. Amayi ndiwo anali ataululira Bambo za chitinicho, nditawaonetsa mauthenga aja.

Lolemba lake linali tsiku lopita kwa dokotala wa maso. Ndinafika kwa makolo m'mawa n'kupeza kagalimoto katapukutidwa kale, kakunyezimira. Bambo anakazungulira, anamenya tayala lililonse ndi nsapato, kenako anayenda molunjika kuchitseko cha dalaivala. Dzanja linafika pa chogwirira. Anaima pang'ono, anapukuta chogwiriracho ndi nsanza ija ngati ndicho anadzera, n'kuzungulira kupita mbali inayo.

"Cham'mbuyo, pang'onopang'ono," anatero atamanga lamba. "Usamale chipilalacho, n'chopendekeka. Kilachi usaikhalire. Ndati usaikhalire."

Tinatuluka bwinobwino. Ndinalowa mumsewu, iwo akundiuza njira ya m'dera limene ndinabadwira ngati ndine mlendo. Tisanafike pa mphambano ndinaponda buleki mwamphamvu, mpaka chipewa chawo chinagwera pamiyendo.

"Chavuta n'chiyani tsopano? Ndani anakuphunzitsa kuima chonchi?"

"Nkhuku, Bambo."

Inali ya aneba athu, yofiira, ikuoloka msewu mosapupuluma kuchokera mbali imene iwo anakhala. Bambo anayang'ana kutsogolo, kumene kunalibe kanthu. Anatola chipewa chawo n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Yadutsa?"

"Yadutsa."

"Yonse?"

"Ndi mchira womwe."

Anavala chipewa chija, anakhazikika bwino pampando, ndipo anapinda manja.

"Ndiye tiye," anatero. "Dzina likadalipo."